Ana akuluakulu si katundu wongokoka mukapita nawo kukaona mzinda wakunja

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yanuyi ndiyankhule ndi makolo anzanga amene apeza mwayi wotenga banja lonse kukaona mzinda wakunja. Sindikunena za ana oyamwa kapena a ku nazale ayi, amenewo savuta, ukangowagulira ayisikirimu nkuwaonetsa nkhunda pa paki basi tsiku lawakomera. Ine ndikunena za awa atalika kutiposa kalewa, azaka 13, 15, 17, amene ukawafunsa kuti zikuyenda bwanji amangoti zili bho maso ali pa foni.

Chandilembetsa kalatayi ndi mnzanga wina amene wabwerako ku ulendo posachedwapa ali wokhumudwa kwambiri. Akuti ndalama zapita zambirimbiri, ya ndege, ya viza, ya hotelo, koma anawo ulendo wonse anangokhala ndwii, ukawauza taonani nyumba iyo amangodzutsa mutu kamodzi nkubwerera pa foni, nde iye wagamula kuti ana a masiku ano ndi osayamika ndipo sadzawatenganso. Ine ndinamumvetsa chifukwa nanenso ndinadutsamo momwemo, koma sindinagwirizane naye, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake potengera zomwe tinaona ku London mu Ogasiti wa 2023, ine, bambo awo ndi ana athu atatu, wachisamba mnyamata wa zaka 17, wotsatira mtsikana wa zaka 15 ndi mzime wa zaka 13.

Tsiku loyamba pulogalamu ndinapanga ndine ndekha, ndinachita kulemba papepala. Sikisi koloko onse adzuke, tikaone nyumba ya mfumu ku Buckingham, tikaone Big Ben, tikaone chi wilo chija cha London Eye, tithamangire ku British Museum, madzulo tikamalizire pa Tower Bridge. Ndipo tinafikadi monsemo. Koma paliponse zinali zofanana, imani apa, sekererani, ndajambula, tiyeni tiyeni nthawi yatha. Pa geti pa Buckingham tinaima nthawi yaitali kudikira asilikali aja osinthana, anthu anali pikitipikiti moti chomwe anawo anaona ndi mitu ya anthu ndi mafoni okwezedwa m'mwamba basi. Madzulo tikudya mnyamata wamkulu uja anangondifunsa mwaulemu ndithu, opanda mwano, kuti amayi, kodi ifeyo tabwera kudzaona London kapena tabwera kudzajambulitsa? Mawu amenewa anandilowa mumtima. Ndinagona nawo. Ndinaona kuti mwanayu akunena zoona, tsiku lonse palibe chomwe anasankha yekha, palibe amene anamufunsa maganizo, munthu woti chaka chamawa akhala akupanga yekha ziganizo za moyo wake ine ndikumuyendetsa ngati sutukesi ya matayala. Paja kuthamanga sikufika.

Nde usiku womwewo bambo awo anabweretsa ganizo lomwe linapulumutsa ulendo wathu. Anati aliyense mwa atatuwa atenge tsiku lake. Asankhe yekha kopita, afufuze yekha pa intaneti kuti amatsegula nthawi yanji, tikiti ndi mapaundi angati, tikwera sitima iti nkutsikira pati, ndipo tsikulo ife makolo tikhala otsatira basi, sitiyankhula za njira ngakhale atasokera. Tinangoika malamulo ochepa, kuti chinthu chachikulu chizikhala chimodzi patsiku osati zisanu, kuti ndalama ya tsikulo ndi iyi osapitirira, komanso kuti palibe kutuluka teni koloko isanakwane. Lomalizali makolo anzanga musalipeputse. Mwana wa msinkhu uwu ukamudzutsa mbandakucha pa holide wamutaya tsiku lonse, ndipo nthawi yotentha ku London dzuwa limachedwa kulowa, mu Juni limafika mpaka cha m'ma naini usiku, mu Ogasiti cha m'ma eyiti, nde nthawi ilipo yokwanira, palibe chothamangira. Mukapita mu Disembala nde ndi nkhani ina, folo koloko isanakwane kwada kale.

Anayamba ndi mtsikana. Ndinadabwa kuti anasankha British Museum komwe tinali titapitako kale dzulo lake, ndinatsala pang'ono kutsutsa koma ndinakumbukira lamulo lija. Iye anati dzulo tinangodutsa, lero tikaona zinthu zitatu zokha. Ndipo apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti nyumba zosungiramo zinthu zakalezi sizofunika kumaliza, munthu sungamalize, ukayesa kuona zonse umatuluka mutu uli balala usakukumbukira ngakhale chimodzi. Kulowa ndi ulele, nde ngakhale mutakhalamo ola limodzi lokha palibe chomwe mwaluza, mutha kubweranso mawa.

Choyamba anatitengera pa mwala uja wa Rosetta Stone. Kuuona chabe ndi chimwala chakuda chothyoka, ndipo dzulo lake tinaudutsa titangoujambula. Koma iye anali atawerenga, nde anaima nkuyamba kutiphunzitsa ife makolo ake kuti mwalawu unalembedwa mu 196 Yesu asanabadwe, uthenga ndi umodzi koma unalembedwa m'zilembo za mitundu itatu, ziwiri za ku Egypt ndi china cha Chigiriki, asilikali a ku France anaupeza mu 1799, ndipo chifukwa anthu ankadziwa kale Chigiriki anatha kufanizira mpaka katswiri wa ku France dzina lake Champollion anatulukira kawerengedwe ka zilembo za zithunzi zija mu 1822. Mzime uja amene dzulo lake amangoyasamula anayamba kufunsa kuti nanga ngati anaupeza ndi a ku France ukutani ku London? Funso labwino eti? Yankho lake ndi nkhondo, a France atagonja ku Egypt mwalawo unapita kwa Angerezi ndipo wakhala mmenemo kuyambira 1802.

Kenako tinatsikira pansi komwe kuli zinthu za ku Africa, ndipo kumeneko ndi komwe tsikulo linapsa. Kuli ziboliboli ndi zimbale za mkuwa zochokera ku ufumu wa Benin, komwe pano ndi mbali ya Nigeria, zosulidwa mwaluso loti munthu umangogwira pakamwa. Zimenezi asilikali a Britain anazitenga mu 1897 atathira nkhondo mzindawo nkuutentha. Abale, mkangano womwe unabuka pakati pa ana angawa sindidzauiwala. Mtsikana akuti zibwezedwe kwawo lero lomwe, chakuba ndi chakuba ngakhale patapita zaka zoposa 100. Mkulu wake akuti ayi tiyeni tione mbali zonse, kuno akuziona anthu a dziko lonse kwaulere kuphatikizapo ifeyo, mtsikana nkumubweza kuti nanga mwana wa ku Benin City amene sangapeze viza aziona liti zinthu za makolo ake? Anatsutsana mu sitima, anatsutsana pa chakudya, mpaka pogona. Ine maganizo anga ali kwa mtsikanayo, sindibisa, koma chomwe chinandisangalatsa si kuti wapambana ndani. Ndi choti foni tsiku limenelo amangoitulutsa pofuna kupeza umboni wogonjetsera mnzake.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga akonzi. Mwana wamkulu sachita chidwi ndi nyumba chifukwa choti ndi yokongola kapena ndi yotchuka, zokongola waziona kale zambirimbiri pa TikTok. Chimamugwira ndi nkhani yomwe ili kuseri kwa chinthucho, makamaka ikakhala nkhani yoti angathe kuikapo maganizo ake, kukwiya nayo, kutsutsa. Nde posankha kopita musamafunse kuti kodi malo otchuka ndi ati, muzifunsa kuti kodi ndi pati pamene mwana wangayu akapeze chokamba.

Madzulo a tsiku lomwelo tinayenda wapansi kutsikira ku Trafalgar Square, ndipo kumeneko ngakhale ine misozi inalengeza. Pa bwalo limeneli pali nsanja zinayi zoikapo ziboliboli, yachinayi amasinthasintha zoikapo, ndipo nthawi imeneyo panali John Chilembwe, ntchito ya manja a Mmalawi Samson Kambalu yomwe anaitcha Antelope, inakhala pamenepo kuyambira 2022 mpaka 2024. Inachokera pa chithunzi cha 1914, Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu pa nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, ndipo wosemayo anamukulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo. Pano anachichotsa paja ndanena kuti amasintha, koma pitanipobe mukaone chomwe chilipo, ndipo muwafunse anawo kuti iwo akanaikapo ndani. Funso limeneli lokha limatha ola lathunthu.

Tsiku la mnyamata wamkulu aliyense akhoza kulota, mpira. Poyamba amafuna tikaonere gemu ya Premier League koma atafufuza yekha anapeza kuti matikiti a matimu akuluakulu ndi ovuta kupeza, ambiri amayamba agulitsidwa kwa mamembala a timu, ndipo ukagula kwa anthu ongogulitsa pa intaneti akhoza kukubera kapena ukhoza kukabwezedwa pa geti. Anazipeza yekha zimenezi, ndikanamuuza ndine bwenzi akuti amayi akungokaniza. Nde anasankha zokayendera sitediyamu ya Wembley tsiku lopanda gemu, momwe amakulowetsani mpaka m'chipinda chovalira osewera, kudutsa mu kanjira kotulukira pa bwalo, kukhala pomwe amakhala makochi. Muli mipando 90,000, inatsegulidwanso mu 2007 atagwetsa yakale ija, ndipo chi uta chachitsulo chili pamwambacho chimaonekera kutali. Matimu ngati Arsenal, Chelsea ndi Tottenham nawonso amayendetsa alendo m'masitediyamu awo, nde ngati mwana wanu ali ndi timu yake mpititseni kumeneko. Ngati akufunitsitsa kumva phokoso la masapota, London ili ndi matimu ambiri a m'maligi apansi omwe matikiti ake savuta kwambiri, kungoti kumbukirani kuti ligi imayamba mu Ogasiti nkutha mu Meyi, Juni ndi Julayi kulibe. Ine za mpira sindizitsata kwenikweni koma kumuona mwana amene amangoyankha ndi mawu amodzi akulongosolera mng'ono wake zinthu mosalekeza, ndinati ndalama iyi yagwira ntchito.

Pobwerera anatipititsa malo omwe ine sindikanawadziwa ngakhale pang'ono, Leake Street, kanjira ka pansi pa siteshoni ya Waterloo komwe anthu amaloledwa kujambula pakhoma ndi penti wopopera. Makoma onse mpaka kudenga ndi zojambula, fungo la penti lili guu, achinyamata ali pa ntchito pompo inu mukuona, ndipo chomwe mwaona lero mawa wina wajambulapo china pamwamba. Kulowa ndi ulele. Kumeneko nde anajambulitsa okha popanda wowakakamiza, mpaka kundipempha ine kuti amayi tatijambulani.

Mzime anasankha madzi. Tinakwera boti pa mtsinje wa Thames kupita ku Greenwich, ndipo ndikuuzeni, ngati miyendo yatopa palibe njira yabwino yoonera mzindawu kuposa iyi, mwangokhala pansi nyumba zonse zikudutsa zokha, mpaka kudutsa pansi pa Tower Bridge yomwe inatsegulidwa mu 1894. Ku Greenwich kuli chombo chakale cha matanga chotchedwa Cutty Sark cha mu 1869 chomwe chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, ndipo pamwamba pa kaphiri pali Royal Observatory, nyumba yoonera nyenyezi ya mu 1675, pomwe pamadutsa mzere uja wogawa dziko kum'mawa ndi kumadzulo, womwe mayiko anagwirizana mu 1884 kuti kuwerenga longitude, mizere ija ya pa mapu yoonetsa kutalika kwa malo chakum'mawa kapena chakumadzulo, kuziyambira pamenepo. Mwana amene anavutika ndi longitude mkalasi akaima mwendo wina uku wina uko zimalowa zokha m'mutu. Mkatimo muli mawotchi a John Harrison, kalipentala amene anatha zaka zambiri akupanga wotchi yosasokonekera panyanja kuti oyendetsa zombo azidziwa pomwe ali, chifukwa kale zombo zinkasweka pamiyala anthu nkufa kaamba kosadziwa kuti afika pati. Fikani wani koloko isanakwane muone mpira wofiira uli padenga ukutsika, akhala akuutsitsa nthawi imeneyo kuyambira 1833 kuti a m'zombo pa mtsinje azikonzera mawotchi awo. Koma chomwe mzimeyo amakamba mpaka lero si zonsezi ayi, ndi njira ya wapansi yodutsa pansi pa mtsinje, ya mu 1902, umatsika masitepe mbali ino nkukatulukira tsidya linalo madzi onse a Thames ali pamutu pako. Yaulere imeneyonso. Nthawi zina chomwe chimamukhalira mwana mumtima ndi chomwe simunalipire nkomwe.

Iye yemweyo tsiku lina mvula itativuta anatitsogolera ku South Kensington komwe kuli Natural History Museum ndi Science Museum moyandikana, zonse zaulere kungoti ndi bwino kubukitsiratu nthawi yolowera pa intaneti kuti musaime pamzere. Koyambako mukangolowa mumakumana ndi mafupa a chinsomba chachikulu chija, namgumi, atapachikidwa kudenga, kutalika kwake mamita 25, ndipo kwinako tinaona kachipinda kenikeni ka Apollo 10 komwe anthu atatu anakwera kukazungulira mwezi mu 1969, kakang'ono zedi, kunsi kwake kooneka kupsa ndi moto wa pobwerera. Za mvulazi, tengani majekete ngakhale ikhale nthawi yotentha, ndipo muzikhala ndi malo amodzi a mkati osungira tsiku lomwe kwagwa mvula.

Masiku awiri otsalawo tinasankhira limodzi. Tower of London ndi yolipira ndipo si yotchipa, koma pa malo onse olipira amenewa ndi omwe ndinganene kuti musawasiye. Nsanja yapakatiyo anayamba kuimanga mfumu William the Conqueror cha m'ma 1078, yakhalapo nyumba ya mafumu, ndende, mosungira zida, ndipo Anne Boleyn mkazi wa mfumu Henry VIII anadulidwa mutu momwemo mu 1536. Langizo langa ndi loti mukalowa musayende nokha, dikirani alonda aja ovala zofiira ndi zabuluu otchedwa Yeoman Warders, amayendetsa alendo popanda kuwonjezera ndalama ina, onsewo ndi oti anagwirapo usilikali zaka zosachepera 22 ndipo nkhani amaziponya mokoma moti ana anga anali kutsogolo kwenikweni kwa gulu. Muli akhwangwala akuda bii omwe amawasamalira ngati ana, akuti akadzachoka ufumu udzagwa, nde amaonetsetsa kuti alipo osachepera sikisi. Ndipo mosungira zisoti za mafumu, momwe saloleza kujambula, muli dayamondi wamkulu pa ndodo yachifumu amene anadulidwa kuchokera ku mwala wa Cullinan, womwe unapezeka pafupi ndi Pretoria mu 1905 wolemera makarati 3,106. Mukuganiza kuti mkangano uja wa ku British Museum sunayambirenso? Unayambiranso pomwepo, ulendo uno bambo awo nawo analowerera.

Ku Westminster Abbey tinapita chifukwa cha ine. Mafumu a ku England akhala akuvekedwa ufumu mmenemo kuyambira 1066, muli manda a Isaac Newton, Charles Darwin, ndi phulusa la Stephen Hawking lomwe anaika mu 2018, koma ine ndimafuna anawo aime pa manda a David Livingstone, omwe ali pansi pakatikati pa tchalitchi anthu nkumapondapo. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, komwe pano ndi ku Zambia, mtima wake anaukwirira komweko, ndipo thupi lake analinyamula anthu ake motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma miyezi yambiri wapansi mpaka kunyanja yamchere, nkudzaikidwa ku London mu 1874. Ndinawafunsa anawo kuti pa anthu onsewa, wonyamulidwa ndi onyamula, amene timamukumbukira kwambiri ndi ndani ndipo chifukwa chiyani? Sanandiyankhe msanga, ndipo ine ndinakondwa kuti sanayankhe msanga. Dziwani kuti Lamulungu salola alendo ongodzaona, ndi tsiku la mapemphero, koma mapemphero a madzulo aliyense amalowa ulele, mumakamva kwaya ikuimba m'nyumba imeneyo, kungoti simuyendayenda. Mukatuluka, pabwalo la kutsogolo kwa nyumba ya malamulo pali chiboliboli cha Nelson Mandela ndi cha Gandhi, ndipo muwauze anawo kuti Big Ben kwenikweni ndi dzina la belu, nsanjayo ndi Elizabeth Tower.

Za kukwera m'mwamba kukaona mzinda wonse, achinyamata amazikonda ndithu, koma sikuti mpaka mulipire zambiri. Sky Garden, munda wa pamwamba pa nyumba ina yaitali, ndi yaulere bola kubukitsa masiku angapo zisanachitike chifukwa malo amatha msanga. Kaphiri ka Greenwich kaja nakonso kamaonetsa bwino. Ife tinakwera Monument, chipilala chokumbukira moto womwe unapsereza mzindawu mu 1666, masitepe 311 ozungulira, anyamata awiriwo anachita mpikisano ine ndikubwera pambuyo pang'onopang'ono. Mwana wa msinkhu uwu mpatseni chinthu choti thupi ligwire ntchito, kukwera, kupalasa, kuyenda, osati kungoima nkumayang'ana tsiku lonse.

Tsopano pang'ono za mayendedwe, chifukwa apa ndi pomwe ndalama zimathera mosadziwika. Mabasi a ku London salandira ndalama ya m'manja, pamafunika khadi, ya ku banki yongogunditsa ija kapena yawo yotchedwa Oyster, ndipo aliyense akhale ndi yake, simungagunditse khadi imodzi anthu asanu. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulele akakhala ndi wamkulu, koma athuwa adutsa pamenepo, nde kwa azaka 11 mpaka 15 pemphani wogwira ntchito pa siteshoni akuikireni kuchotsera kwa ana obwera kudzacheza pa Oyster yawo, amalipira theka kwa masiku 14, mwanayo akhale pomwepo. Palibe amene adzakuuzeni ngati simufunsa, paja safunsa anadya phula. Sitima za pansi pa nthaka, zomwe zinayamba mu 1863, ndi zachangu koma simuona kanthu, nde nthawi zina kwerani basi ya nsanjika mukhale pamwamba kutsogolo, nambala 15 imadutsa ku Tower, ku St Paul's mpaka ku Trafalgar Square pa mtengo wa basi wamba. Mapu a sitima apatseni anawo. Adzasokera kamodzi kapena kawiri, ife tinapezeka takwera yolowera kwina, ndinaluma mlomo osayankhula, mtsikana anazindikira yekha patadutsa masiteshoni awiri nkutitsitsa nkutibweza, ndipo kuyambira pamenepo amayenda ngati wobadwira komweko. Pa masitepe oyenda okha aja imani kumanja, kumanzere ndi kwa othamanga. Komanso achenjezeni kuti asamayende m'mbali mwa msewu foni ili m'manja poyera, akuba a pa njinga amatsomphola nkuthawa.

Chinanso chomwe makolo timaiwala ndi njala. Mnyamata wa zaka 17 akayamba kuyankha mokalipa nthawi zambiri si mwano, ndi m'mimba. Muzinyamula madzi ndi kachakudya m'chikwama, ndipo nkhomaliro ikhale pa misika ngati Borough Market kapena Camden pomwe aliyense amasankha chake pa ndalama yomwe mwamupatsa, m'malo mokangana kuti tilowe lesitilanti iti.

Ku Camden komweko ndi komwe tinachita chinthu chomwe chinandivuta kwambiri pa ulendo wonse. Tinawalola atatuwo ayende okha kwa ola limodzi ndi theka. Tinagwirizana pokumana, pa mlatho wa pa ngalande, tinaonetsetsa kuti mafoni ali ndi moto ndi data, aliyense ali ndi dzina la hotelo ndi nambala zathu papepala m'thumba kuchitira kuti foni yathima, ndipo lamulo linali loti asasiyane zivute zitani. Ine mtima unali m'mwamba, ndimangoyang'ana wotchi, bambo awo nkumandiuza kuti mayi khalani pansi imwani tiyi. Anabwera nthawi isanakwane, mtsikana atagula jekete yakaunjika, mzime atagula kachipewa, onse akulankhula nthawi imodzi. Sindikunena kuti aliyense achite zimenezi, mwana wanu mukumudziwa ndinu, ndipo mzinda ndi mzinda umasiyana, koma ngati ndi ana omvera ndipo malowo ndi a masana odzaza anthu, kawapatseni kampata. Komanso tsiku lina mwana akanena kuti lero ndatopa ndikufuna ndigone, musakwiye nkuyamba kumuwerengera ndalama ya ndege, musiyeni apume theka la tsiku, madzulo adzatuluka ali munthu.

Komwe tinalephera kufika ndipo mpaka pano kumandiwawa ndi ku Brixton. Mtsikana anali atapeza kuti kumeneko kuli Windrush Square, bwalo lokumbukira anthu a ku Caribbean omwe anayamba kufika ndi chombo cha Empire Windrush mu 1948, komanso Black Cultural Archives yosunga mbiri ya anthu akuda ku Britain, koma masiku anatithera, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo tsiku lomwe tikanapitira ndi loyamba lija lomwe ndinalithera pa pepala langa.

Akonzi, ndikupempha kuti ngati nkotheka kalatayi ituluke holide isanayambe, anthu asanamalize kupanga mapulani. Ndipo ngati pali makolo ena omwe anapitako ndi ana a msinkhu umenewu ku mizinda ina, kaya ku Cairo, ku Cape Town, ku Rome kapena ku Istanbul, alembeko nawonso atiuze malo omwe anawo anawakonda okha, chifukwa mtsikana wangayu wayamba kale kufunsa za Cairo, akuti akufuna akaone dziko lomwe mwala uja unachokera.

Ine wanu,
Mayi wa ana atatu